Dzina langa ndi Nkhoma, koma kwathu si ku Nkhoma

Tilipo ambiri m'dziko muno amene dzina la makolo athu limamvekanso pakamwa pa makondakitala a minibasi: a Nkhoma, a Liwonde, a Mponela, a Kasiya ndi ena otero. Zimaoneka zazing'ono, mwinanso zosangalatsa, mpaka tsiku limene dzinalo lidzakusokonezereni maliro kapena kukutsekerani ndalama za masiye. Zonse ziwirizi zinatigwera ife m'chaka chimodzi. Ndaona kuti ndifotokoze, mwina wina angapewe mavuto amene tinadutsamo.

Ine ndine Nankhoma. Mfunda umenewu ndinatengera kwa bambo anga, amene kwawo kunali ku Mchinji, kwa Mkanda. Mayi anga ndi Nabanda a ku Kasungu, kwa Santhe, ndipo pa mwambo wathu wa Achewa kwathu kwenikweni ndi kumeneko, kumene kuli malume anga ndi mbumba yawo. Ndiye taonani: mfunda ndi wa ku Mchinji, mudzi ndi wa ku Kasungu, ndinakulira ku Kawale mu Lilongwe, koma aliyense wondimva dzina amandiloza kuphiri la Nkhoma, kumene palibe kholo langa ndi limodzi lomwe limene linakalimako munda.

Anthu oterewa sindiwaimba mlandu. Nkhoma ndi malo otchuka. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, atayamba ntchito ku Mvera mu 1889, anatsegula mishoni ina patsinde pa phiri limeneli mu 1896, m'dera la mfumu Mazengera. Chipatala chinayamba mu 1915, ndipo mu 1926 mpingowo unalowa mu CCAP. Lero munthu wa ku Dedza, ku Ntchisi, ku Salima kapena ku Kasungu akangomva kuti Nkhoma, m'mutu mwake mumabwera sinodi, chipatala cha maso ndi sukulu ya William Murray. Saganizako zoti dzinali ndi mfunda umene unalipo amishoniwo asanaponde n'komwe m'dziko muno. Kusukulu aphunzitsi ankangoganiza kuti ndine mwana wa abusa. Kuntchito anthu amandipempha kuti ndiwalankhulire kwa madokotala a kumeneko, poganiza kuti ndi abale anga. Izi ndinkangozilandira, n'kuwafotokozera mwaulemu.

Kumudzi kwa bambo dzinali limagwira ntchito ina, ndipo ndi ntchito imene ndimaikonda kwambiri. Ukatungira munthu wamkulu madzi, samangoti zikomo, amati, "Zikomo Nankhoma." Bambo anga akamaliza kudya ankasamba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo Nabanda," ndipo mayi ankayankha kuti, "Zikomo aNkhoma." Pa zaka zonse zimene ndinakhala nawo sindinawamvepo akuitanana maina awo a ubatizo. Mfunda ndi ulemu, ndi njira youzira munthu kuti ndikudziwa anthu amene anakubala. Sutchula boma, sutchula mudzi. Chimenechi ndicho makalaliki ambiri amaiwala akagwira cholembera.

Bambo anamwalira m'bandakucha, m'chipatala china mu Lilongwe, atadwala shuga nthawi yaitali. Amene munaferedwapo mukudziwa mmene mutu umazungulirira maola oyamba aja: bokosi, galimoto, ufa, nkhuni, kuuza kumudzi kuti adzukulu ayambe kukumba. Achimwene anga ndiwo anatenga ntchito youza anthu. Anaimbira mmodzi wa anzawo a bambo, amene anagwira nawo ntchito yoyendetsa malole zaka zambiri, n'kumuuza kuti, "Tinyamuka mawa m'mawa, mwambo wonse ukachitikira kumudzi kwa a Nkhoma." Mawuwo anali olondola. Koma uthenga utadutsa pakamwa pa anthu awiri atatu n'kulowa pa gulu la WhatsApp, unasanduka wakuti, "Maliro akaikidwa ku Nkhoma."

Kusiyana kwa "kwa" ndi "ku" tonse timakudziwa chibadwire. Timati kwa Jenda, kwa Jali, kwa Goliati, chifukwa malowo anatenga dzina la munthu. Timati ku Zomba, ku Dedza, ku Nkhoma, chifukwa ndi malo basi. Koma pafoni, netiweki ikudukaduka, munthu akulira, kamawu kakang'onoko kamasowa. Ife tinalowera kumadzulo, msewu wa ku Mchinji, kudutsa pa Namitete ndi pa Kamwendo. Anzawo a bambo anasonkherana mafuta, anadzaza lole, nalowera kummwera. Anadutsa pa Nathenje, anakhota pa Kamphata, anakafika mpaka pa mishoni n'kuyamba kufunsa kuti maliro a a Nkhoma ali mudzi uti. Anthu a kumeneko anawathandiza ndi mtima wonse, mpaka anawalozera mudzi wina kumene kunalidi maliro, koma a munthu wina. Pamene anatipeza pafoni n'kuti dzuwa lili paliwombo, ndipo kuchoka kumeneko kudzafika kwa Mkanda ndi ulendo wodutsanso mu Lilongwe, kenako makilomita oposa 100.

Anafika adzukulu akumaliza kuundira manda. Sindidzaiwala bambo wina wachikulire, amene anayenda ndi bambo anga maulendo a ku Beira ndi ku Dar es Salaam. Anatsika lole asanaime bwinobwino, chipewa chili m'manja, anapita molunjika pamtumbira n'kugwada pa dothi lofiira lija. Anali atakonza mawu oti adzalankhule m'malo mwa anzake, atawalemba pa pepala la m'kope. Pepalalo analipereka kwa mayi osaliwerenga. Anangoti, "Pepani mayi, tinasochera." Mayi analisunga m'Baibulo mwawo mpaka lero.

Choncho ngati dzina lanu ndi lofanana ndi malo, uthenga wa maliro, wa ukwati kapena wa chinkhoswe musaupereke pakamwa pokha. Lembani, ndipo yambani ndi boma, kenako mfumu yaikulu, mudzi, ndi msika kapena sukulu imene woyendetsa galimoto angafunse. Onjezani poyera kuti si ku Nkhoma kumishoni ayi. Zimaoneka ngati kuchulutsa gaga, koma chiganizo chimodzicho chikanapulumutsa lole yonse ija. Sankhaninso munthu mmodzi, amene si mwini maliro weniweni, woti foni yake ikhale yotsegula tsiku lonse.

Vuto lachiwiri linali lalikulu, ndipo linadya miyezi.

Titameta, tinayamba kulondola ndalama zimene bambo anasiya ku kampani imene anagwirako ntchito kuyambira m'ma 1980. Tinanyamula chiphaso cha imfa, mtchatho wa ukwati wawo ndi mayi, ndi ziphaso zathu ana. Mayi wa mu ofesimo anatulutsa fayilo yakale ya chikuto chofiirira, mapepala ake atasanduka achikasu, nayamba kuwerenga mokweza kuti titsimikize. Dzina, lolondola. Chaka chobadwa, cholondola. Mudzi: Nkhoma. Mfumu yaikulu: Mazengera. Boma: Lilongwe.

Tinayang'anana. Mayi anati, "Iyayi mwanawe, amuna anga ndi a ku Mchinji." Mayi uja anatembenuza fayilo kuti tione tokha. Zolembazo sizinali za dzanja la bambo. Zikuoneka kuti tsiku limene ankalembedwa ntchito, kalaliki anafunsa dzina, anamva kuti Nkhoma, nadzaza yekha mizere yotsalayo malinga ndi zimene ankadziwa. Bambo anasaina pansi, monga amachitira munthu aliyense amene wangopeza ntchito ndipo sakufuna kuvutitsa abwana. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma apa amene sanafunse ndi wina, phula tinadya ndife.

Kuti ndalama zituluke pankafunika kalata ya mfumu ya kwawo kwa malemu yotsimikiza kuti munthuyo anali wa m'mudzimo, wamwaliradi, ndipo mkazi ndi ana ake ndi awa. Ife kalata tinali nayo, ya nyakwawa ya kwa bambo, yodindidwa bwino. Koma fayilo inkanena mudzi wina, mfumu ina, boma lina. Kwa anthu a mu ofesi, amene sankatidziwa, zinkaoneka ngati pali anthu awiri osiyana a dzina limodzi, kapena kuti ife tikufuna kulanda chuma cha banja lina. Poyamba zinandipweteka kwambiri kuona mayi anga, atavala zakuda, akufunsidwa ngati wakuba. Pambuyo pake ndinamvetsa kuti kusamala kumeneko n'kumene kumateteza amasiye ena kwa anthu olanda katundu, amene lamulo la chuma cha masiye la 2011 linabwera kudzawaletsa.

Munthu wina amene anatimvera chisoni anatinong'oneza njira yachidule. Anati tipite kufupi ndi ku Nkhoma, tikapeze mfumu ina yaing'ono, tikaipatse kangachepe, itilembere kalata yogwirizana ndi fayilo. Achimwene anatsala pang'ono kuvomera chifukwa ndalama za sukulu za mng'ono wathu zinali zitatha. Malume anakana kwamtuwagalu, ndipo ndimawathokoza. Anati, "Mukanamiza boma kuti bambo anu ndi a uko, mawa pa nkhani ya munda wa kwa Mkanda mudzanena kuti ndi a kuti?" Musayerekeze njira imeneyo. Ndi mlandu, ndiponso bodza lolembedwa ndi kudindidwa limakhalitsa kuposa amene analilemba.

Njira imene inatithandiza inali yaitali koma yowongoka. Tinabwerera kumudzi, nyakwawa inalembanso kalata yofotokoza mwatsatanetsatane kuti Nkhoma ndi mfunda wa malemu, osati mudzi wawo. Kalatayo inadutsa kwa a gulupu, inakadindidwa kwa mfumu yaikulu, kenako tinaitengera kwa DC ku Mchinji. Mayi anakalumbira kubwalo la milandu, n'kupatsidwa kalata ija timati afidaviti, yonena kuti munthu wolembedwa m'fayilo ya kampani ndi munthu wa pa chiphaso cha imfa ndi mmodzi yemweyo. Chimene chinatinyamula kwambiri ndi chiphaso cha unzika. Pa kalembera wa 2017 bambo anakalembetsa okha, anatchula okha mudzi wawo ndi mfumu yawo, ndipo zinalembedwa molondola. Chiphasocho chili ndi nkhope yawo, ndipo nkhope yomweyo inali pa khadi la kuntchito. Anzawo awiri, mmodzi mwa iwo ndi bambo uja anagwada pamanda, anapita kukaikira umboni kuti anagwira nawo ntchito ndipo amadziwa kwawo.

Pepala lililonse tinkalijambulitsa kaye tisanalipereke, ndipo loyambirira tinkangoonetsa, osalisiya. Tinkalembanso m'kope tsiku limene tapita ku ofesi ndi zimene atiuza, chifukwa ukabwerera umapeza pampando pali munthu wina amene nkhani yako sakuidziwa.

Panali kachinthu kena kamene kanatsala pang'ono kutibwezanso m'mbuyo. Khadi la ubatizo la bambo, limene tinaliphatikiza ngati umboni, linalembedwa kuti anabadwira m'boma la Fort Manning. Mnyamata wina wa mu ofesi anati, "Tsopano awa ndi malo achitatu." Sankadziwa kuti Fort Manning ndi dzina lakale la Mchinji, lochokera kwa William Manning, msilikali wa ku Britain amene anadzakhala gavanala wa Nyasaland. Momwemonso Mangochi ankatchedwa Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald, Chitipa anali Fort Hill, ndipo Chipata wa ku Zambia anali Fort Jameson. Mwamwayi mkulu wina wa imvi amene anali pa desiki yoyandikana anamva, n'kumuwongolera. Ngati makolo anu anabadwa nthawi ya atsamunda, yang'anani mapepala awo akale ndipo mukhale okonzeka kufotokoza zimenezi.

Ndalama zinatuluka, mng'ono wathu anabwerera kusukulu. Koma nkhaniyi inandisiya ndi njala yofuna kudziwa kuti dzina lathuli linachokera kuti. Ndinakakhala masiku angapo ndi azakhali anga, mlongo wawo wa bambo, amene tsopano ndiwo wamkulu wotsala. Tinkakhala pakhonde akusenda mtedza, ine ndikulemba. Iwo ankati makolo athu anali anthu osula, okhoma makasu ndi nkhwangwa, ndipo dzina linachokera pa ntchito imeneyo. Bambo aang'ono, amene ankamvetsera ali pa mpando wa ndalema, ankatsutsa. Ankati linachokera kwa chinkhoma, kanyama kaja kokhala m'matanthwe. Anakangana mpaka nsima inazizira. Chimene anagwirizana onse awiri n'chakuti agogo awo anachokera kutsidya, mbali ya Chipata, malire asanakhwime, ndipo abale ena anatsalira komweko. Za phiri la ku Lilongwe azakhali anangoti, "Limenelo ndi phiri la eni ake, ife tinangofanana nalo dzina."

Kuyambira pamenepo ndinayamba kutchera khutu. Ndakumana ndi a Nkhoma a ku Nkhata Bay olankhula Chitonga, a ku Mzimba olankhula Chitumbuka, ndi a ku Zambia amene tinakhala nawo mphasa imodzi pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Achewa a m'maiko atatu amakalamba kwa Kalonga Gawa Undi mwezi wa Ogasiti. Tikangotchulana mfunda, nkhope zimamasuka. "Aa, ndinu mlongo wanga," atero bambo amene sunamuonepo, n'kukugawira chimanga chake chootcha. Ubale umenewu ndi weniweni ndipo ndimaulemekeza. Koma funso lotsatira nthawi zonse limakhala lakuti, "A Nkhoma a kuti?" Anthu akumudzi amadziwa kuti mfunda wokha sukwanira. Amafuna amve mudzi, amve dzina la agogo aakazi, amve kumene kuli manda.

Funso lomweli ndi lofunika pa nkhani ya banja. Msuweni wanga wina anapeza mbeta ku Blantyre, Nankhoma mnzathu, ndipo akuluakulu anaimitsa kaye zonse mpaka ankhoswe a mbali zonse atafufuza mizu. Zinapezeka kuti mtsikanayo makolo ake ndi a kunyanja, palibe pamene magazi akukumana, ndipo ukwati unachitika. Achinyamata ena amaona ngati kufufuza kumeneku n'kutaya nthawi. Ine ndimaona kuti n'kwanzeru, makamaka masiku ano pamene ana a munthu mmodzi amakulira m'mizinda yosiyana osadziwana.

Ku Nkhoma kwenikweniko ndinadzapita pambuyo pake, ndikuperekeza mayi kukaonetsa maso awo amene anali ndi ng'ala. Ukakhota pa Kamphata phiri lija limaonekera patali, thanthwe lalikulu lotuwa, ndipo ukamayandikira umayamba kuona nyumba zakale za njerwa zofiira ndi tchalitchi. Polembetsa, mlembi atamva dzina la mayi la kubanja, loti Nkhoma, anamwetulira n'kunena kuti, "Mwabwera kwanu." Kenako anafunsa mudzi, mfumu ndi boma, chimodzichimodzi, n'kudikira yankho asanalembe. Mayi anachitidwa opaleshoni ndipo akuonanso, amawerenga okha nyimbo m'tchalitchi. Malo amenewo ndimawakonda tsopano, monga mmene munthu amakondera mnzake wa dzina. Koma sindinganene kuti ndi kwathu.

Pali anzathu ena amene nkhani yawo ndi yosiyana ndi yanga. Iwo dzina lawo ndi la malo chifukwa malowo anatchedwa dzina la kholo lawo, mfumu imene inayamba kukhala pamenepo, monga zilili ndi maina ambiri a mafumu. Enanso dzina la mudzi linasanduka dzina lawo pamene agogo awo ankalembetsa ulendo wa ku Joni kapena ku Salisbury (Harare wa lero), kapena tsiku loyamba kusukulu, mphunzitsi atafuna dzina lachiwiri loti alembe m'kaundula. Ndakumanapo ndi mnyamata wobadwira ku Harare amene anabwera kudzafuna kwawo atanyamula dzina lokha, ndipo kwa iye dzinalo linalidi mapu, linamufikitsa pa mudzi wa agogo ake. Ndiye musathamangire kunena kuti dzina lanu likugwirizana ndi malo, kapena kuti silikugwirizana. Kafunseni akadali moyo amene akudziwa. Ndipo ngakhale zitapezeka kuti mudziwo unatchedwa dzina la kholo lanu, sindiye kuti muli ndi munda kumeneko kapena kuti ufumu ndi wanu. Kwa ife Achewa zimenezo zimayenda ndi mbali ya kuchikazi, pamene dzina ambiri timatengera kwa bambo.

Nditabwerera kuntchito ndinapempha kuona fayilo yanga. Mudzi ndi boma zinali bwino, koma fomu yolembapo anthu odzalandira penshoni yanga inali yakale, ana anga awiri munalibe. Ndinaikonza tsiku lomwelo. Ndinauzanso achimwene ndi alamu anga kuti akachite chimodzimodzi, ndipo mmodzi wa iwo anapeza kuti ku banki dzina lake la makolo linalembedwa pa mzere wa malo okhala. Ngati bambo kapena mayi anu akugwirabe ntchito, kapena anapuma koma ali ndi ndalama zimene zikusungidwa kwinakwake, apempheni mupite nawo limodzi mukaone zimene zinalembedwa. Mwini wake akakhala pompo, ndi chiphaso chake m'manja, kukonza kumatenga m'mawa umodzi, popanda mfumu, popanda kulumbira.

Ana anga amatenga dzina la bambo awo, koma ndinawaphunzitsa kuyankha mafunso atatu mosasakaniza: dzina lako ndani, mfunda wa mayi ako ndi uti, kwanu n'kuti. Zimene azakhali anandiuza pakhonde paja ndinazitayipa pa kompyuta, maina a agogo ndi midzi imene anadutsamo, n'kutumiza kwa abale onse pa gulu lathu la banja. A ku Chipata awonjezerapo kale maina ena amene ife sitinkawadziwa, ndipo azakhali apempha kuti tikapitenso chaka chino mvula isanagwe, akuti pali mbali ya agogo aakazi imene sanamalize kufotokoza.